Chiperoni Kuno, Mwera Uko

Lolemba, 14 Julaye

Ndafika kwa Nchilamwela. Loweruka chinkhoswe changa ndi Lestina. Mudzi wonse unatuluka kudzandichingamira. Chabwino, anali ana angapo ndi galu, koma galuyo anali wamkulu.

Atsibweni ake a Lestina, a Isaiah, kundifunsa ntchito yanga kunyanja. Ndawafotokozera. Ku Chembe alendo amamira ndi mabotolo a mpweya kumsana kukaona mbuna m'miyala. Boti siliponya nangula pamenepo, angaswe nyumba za nsomba. Limamangirira pa boya, chigubu choyandama chija. Pansi pa boya chingwe, pansi pa chingwe tcheni, tcheni kugwira chisimenti. Wotsika kukapala ndere, kuyesa mfundo, kusintha zitsulo zodyeka, ndi ine Elliot. Kupanda ine azungu onse aja bwenzi atakokolokera ku Mozambiki.

Iwo akuti, "Oho, ndiye mumachapa zingwe."

Anthu kuseka. Nanenso ndaseka. Mano okha.

Lachiwiri, 15 Julaye

Kuzizira kolasa mafupa. M'esiteti akudulira tiyi, mapiri onse ameta mpala.

Ndamuuza Lestina za kampango amene ndinakumana naye pansi pa nyanja, wamkulu ngati minibasi ya ku Limbe. Akuti chaka chatha anali ngati njinga. Nanga nsomba sikula?

Chondivuta ndi apongozi, a Alesi. Mwambo ndi womwe uja: mkamwini ndi apongozi sayang'anana, salankhulana. Ndakumana nawo panjira ya kumpopi. Iwo kupatukira kumanzere, ine kudumphira kumanja, m'zitsa za tiyi wodulira uja. Thalauza lang'ambika pabondo. Munthu woti nsomba zimandipatsa moni, kuthawa mayi wamfupi wosenza ndowa!

Masana ndamanga chisakasa cha chinkhoswe pakhomo pawo. Mfundo zanga za panyanja. Ngakhale njovu itatsamira sichingagwe.

Lachitatu, 16 Julaye

Chiperoni. Nkhungu mpaka pakhomo, kamvula kosatha, phiri silikuoneka.

Anthu akuno akaona chiperoni amaganiza za juzi. Ine ndimaganiza zina. Mphepo yomweyi ikatsikira kunyanja ndi mwera. Kuno kukamanyowa masamba, uko mafunde akuwomba ngati nyumba.

Boya la pa Mwala Wosweka, pomwe alendo amakonda kumira. Chitsulo cholumikiza tcheni ndi chingwe chadyeka, chatsala ngati kachala ka khanda. Chatsopano chinali chisanafike pomwe ndimanyamuka, nyanja ili phee ngati mafuta. Tsopano mwera ukuchigwedeza, kukoka, kuleka, kukoka. Ndikuchimva m'mano.

Tiyi wandizizirira m'kapu. Lestina akuti, "Thupi lili pano, mwini wake ali kuti?"

Ndayenda mpaka pa damu la esiteti, kubwerera, kupitanso. Kukatani, kaya.

Lachinayi, 17 Julaye

Shaban woyendetsa boti waimba. Chitsulo chatsopano chafika. Alendo afikanso, gulu, akufuna Mwala Wosweka Loweruka m'mawa. Abwana ali ku Lilongwe, foni yozima. Shaban sangatsike, khutu lake linaphulika kale. Akuti, "Chakalecho chigwira, Eli, iwe kwatira."

Chigwira! Alendo amatsika atagwira chingwe chomwecho. Chikaduka, anthu ali pansi, boti kuuluka ndi mwera kukamenya miyala, injini yake ija yodzuka ikafuna. Ndamuuza awatengere kwina. Akuti alendo sakumva.

Loweruka lomwelo. Mulungu amadziwa kuseka.

Ndamuuza Lestina. Iye amangopeta mpunga wopeta kale. Ndawauza a Isaiah, ndithu mwaulemu, chipewa m'manja. Akuti, "Tambala ndi thadzi tagula kale, abale a kwa Mphuka tawaitana. Mukakwera minibasi, musadzatsikenso kwa Nchilamwela."

Chifukwa cha chingwe, akuti. Mwana wa eni kumuchititsa manyazi chifukwa cha chingwe.

Sindipita. Ndatsimikiza. Lestina ndi mmodzi, maboya ndi ambiri.

Madzulo onse ndimazungulira chisakasa. Kukoka mfundo iyi, kumasula, kumanganso. Zonse zinali bwino kale. Manja okha sakumva. Nthabwala lero palibe, mpaka ana afunsa ngati ndikudwala.

Lachisanu, 18 Julaye

Ndikulemba m'minibasi, zilembo zikuvina.

M'mawa ndinali pachisakasa, kukokanso mfundo zomwe zija. Ndangomva mapazi. Apongozi! Pothawira palibe, kumbuyo khola, kutsogolo iwo. Ndinangoyang'ana nsanamira ngati ndikuiwerenga.

Iwo anandifulatira, n'kuyamba kulankhula ndi mbuzi.

"Iwe mbuzi, pali munthu wina pano wandithera luzi. Dzulo lonse kumanga, kumasula. Sakudya, sakunama, ndiye kuti zavutadi. Kamuuze apite akamange chinthu chakecho. Munthu wosowa tulo chifukwa cha ana a eni ali m'madzi, wangayu sangamutaye. Achimwene anga ndithana nawo ndine. Tambala safa ndi sabata imodzi."

Mbuzi kumangotafuna.

Ine Elliot, pakamwa ngati wailesi, ndinangogwada. Kuwomba m'manja, kuthokoza mbuziyo. Ndinaithokoza kwambiri. Maso ananyowa, koma chinali chiperoni.

A Isaiah sanatuluke m'nyumba. Lestina wandiperekeza pa siteji, mbatata yootcha m'pepala, thalauza lija atasoka. Akuti Loweruka linalo ndikachedwa akwatiwa ndi kapitawo wina wa dazi wa m'esiteti. Sakuseka kwenikweni.

Limbe, Zomba, Liwonde, Mangochi, Monkey Bay. Dalaivala uyu akuyenda ngati wanyamula mazira. Ndikafika ndi kuwala, nditsika lero lomwe, mwera kaya usakhale mwera. Shaban wakonza botolo ndi sipanala. Bola chitsulo chodyeka chija chigwire mpaka madzulo. Gwira, mwana wa mayi, ndikubwera.

Chinthu chimodzi chokha. Minibasi ikunyamuka, Lestina anathamangira pawindo. Akuti amayi auzanso mbuzi kuti chinkhoswe chasunthacho anthu achuluka, ndiwo sizikwana. Mkamwini abwere ndi kampango wake uja.

Wa minibasi uja.

Mayo ine. Ndikamupeza kuti?