Nambala ya Malemu Alamu

Ohio,
14 Januwale

Okondedwa akulu anga Amantina,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Consuelo konko. Nanga mawondo aja akuvutabe? Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa. Ndasankha kalata osati foni chifukwa pafoni mumandidula pakamwa ndisanafike pamutu pa nkhani.

Mwana wathu Eliezer alinso bwino. Phewa lija lapola, ndipo adokotala a timu amulola kuyamba kuponya pang'onopang'ono. Ndi phewalo linamulepheretsa kubwera pa Khirisimasi, musamvere zonena anthu. Lamlungu lililonse amabwera kuno kudzadya mpunga wa nyemba, ndipo amakokota m'poto mpaka nkhoko.

Kuntchito kwachuluka zochita. Masewera a besibolo, mpira woponya ndi kumenya ndi ndodo uja, anatseka mu Okutobala, koma ife osoka jezi za timu ino ndiyo nthawi yathu yotanganidwa, poti mabwana akugula osewera atsopano. Asainitsa kale oponya awiri, wina wa ku Venezuela, wina wamanzere amene dzina lake ndi lalitali moti ndinachita kulipinda ngati uta kuti likwane pamsana. A pawailesi amangokhalira kulota kuti uje akubwera, uje akupita. Ine ndimangoseka, chifukwa ndimadziwa iwo asanadziwe. A Pruitt, oyang'anira zovala za timu, amandibweretsera kapepala ka dzina ndi nambala, ine n'kusoka pakamwa ndili chete.

Mwina mwamva kuti atenganso Munsey, chimunthu chomenya mpira mpaka kunja kwa bwalo chija. Pamndandanda wa omenya akhala wachinayi, ndiye ena onse asunthira m'munsi. Eliezer, amene chaka chatha ankamenya wachisanu ndi chimodzi, akumuika wachisanu ndi chinayi, kumapeto kwenikweni. Ena akuti mwina amusinthanitsa ndi woponya wa timu ina ya kutali.

Sabata yatha a Pruitt anabwera ndi kapepala. Panalembedwa kuti Munsey, 41. Akulu anga, 41 ndi nambala ya Eliezer. Ndinangoti basi mwana amugulitsa. A Pruitt ataona nkhope yanga anandikhazika pansi, nati palibe wagulitsidwa, kungoti Munsey wavala 41 moyo wake wonse ndipo anaichita kudinda pamkono. Mwambo wake ndi wakuti wamkulu akafika n'kupeza nambala yake ili ndi wamng'ono, amapempha mwaulemu ndi mphatso, wamng'onoyo n'kupereka. Palibe lamulo lokakamiza, koma sindinaonepo wokana.

Wokana woyamba ndi mwana wanu. Munsey anamuitanira chakudya chamasana, namuikira wotchi yodula patebulo. Eliezer anadya nyama yonse, anathokoza, wotchi n'kuibweza. Kachiwiri anamutchulira njinga yamoto, yankho lomwelo. Munseyo si munthu woipa, akuti anangoseka n'kumusisita pamutu. Koma nkhani yafika m'nyuzipepala, ndipo anthu ayamba kumutcha kamnyamata kodzimva. Mabwana sananene kanthu, koma ndagwira ntchito pano zaka khumi ndi ziwiri, ndikuwadziwa. Tsiku losankha woti apite, amakumbukira amene anawavuta.

Lamlungu ndinadikira kuti akhute, kenako ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Anaika supuni pansi. Kenako anati, "Mayi aang'ono, ndinalonjeza amayi pamanda a adadi. Mukufuna ndikawauze kuti ndagulitsa adadi ndi wotchi?"

Tsiku la lonjezolo ndinalipo. Ndikukumbukira alamu a Bienvenido atavala 41 m'timu ya kufakitale ya shuga, Lamlungu masana, manja ali mabala okhaokha a nzimbe. Ndikukumbukiranso tsiku la maliro awo, inu mutagwira mwanayu padzanja, mukumuuza kuti akadzafika ku timu yaikulu adzavale nambala ya bambo ake osaivula. Munkalankhula ndi misozi, ndipo iye anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mawu amenewo wawasenza zaka khumi, ndipo lonjezo analikwaniritsa, dziko lonse linaona.

Wakutsina khutu ndi mnansi, akulu anga. Mwanayu akakakamira nambalayi, malo ake pano amuthera. Kumene angapiteko kulibe adokotala olidziwa phewa lake, kulibe wachibale, ndipo akhoza kukangokhala pabenchi. Alamu ankafuna mwana wawo azisewera, nsalu ya pamsana sinali nkhani kwa iwo. Sindibisanso kuti mbali ina ndikudzilirira ndekha. Akapita, Lamlungu ndizidya ndi ndani?

Pempho langa ndi limodzi. Jezi ya alamu ija mumaisunga m'sutikesi pamwamba pa kabati, itsitseni. Mumasule ulusi bwinobwino, muchotse 4 ndi 1, osang'amba, chifukwa nsaluyo yakalamba. Muziike mu envelopu pamodzi ndi kapepala kolemba ndi dzanja lanu, kongoti mwamumasula. Ine ndidzazisokera m'kati mwa jezi yake yatsopano, kumsana komweko. Malamulo a mpira amayang'ana za kunja, za m'kati ndi za telala. Kunja adzavala nambala iliyonse imene a Pruitt amupatse, koma yokhudza thupi lake idzakhala ya bambo ake.

Musamuimbire foni pa nkhaniyi. Akangomva mawu anu akunjenjemera, adzaumiranso mtima, ndimamudziwa. Iye sakudziwa kuti ndakulemberani, ndipo akadzakwiya ndi zanga zimenezo. A Ramón a pagolosale akubwerera kuno kumayambiriro a Febuluwale, mukhoza kuwapatsira. Timu inyamuka pa 12 kupita ku Arizona kokakonzekera, ndiye jezi zonse ziyenera kukhala zitatha tsikulo lisanafike.

Mukaona kuti simungathe, sindidzakudandaulani. Mwamuna anali wanu, mwana ndi wanu, ndipo ine ndidzaima naye kulikonse kumene angamutumize.

Mundiperekere moni kwa amalume a Fermín, muwauze kuti chipewa cha timu chija sindinaiwale. Moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi alamu, ndi kwa adzukulu onse. Mukapita kumanda mukandiikireko maluwa.

Jezi ya Munsey ndaipachika pafupi ndi makina anga. Dzina ndasoka kale, koma pamalo a nambala ndasiya popanda kanthu. A Pruitt andifunsa kawiri, ndipo ndawauza kuti ulusi wofiira wandithera. Ulusi ulipo wodzaza bokosi, akulu anga. Ndikudikira envelopu yanu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Yudelka