Mphindi Makumi Anayi Zimene Ndinadula

Lolemba, 14 Julaye

Kuzizira koopsa. Chinkhoswe cha achimwene a Gilford ndi alamu a Ireen chinachitika Loweruka, achimwenewo ali ku Ireland. Zaka zisanu ndi zitatu osaponda pa Kawale. Anawaimirira msuweni wathu Aubrey. Nkhwangwa analandira ndi iyeyo, kuvinanso ngati mkaziyo ndi wake.

Esau wojambula wabweretsa vidiyo pa fulashi. Maola anayi ndi theka. 14GB! Munthuyu anajambula ndi miphika yomwe.

Achimwene aimba masana. Vidiyo ifike pasanafike Lamulungu, aitana Amalawi anzawo kuti adzaonere limodzi. "Thokozire, si iwe wa digiri ya makompyuta? Ikafika, laputopu yanga ija ndi yako." Yangayi imalira ngati chigayo, batire linafa kalekale. Ndawauza kuti mawa ikhala itafika. Kafayilo chabe. Ine wofuna kutsegula kampani ndingalephere kafayilo?

Lachiwiri, 15 Julaye

WhatsApp yakana, akuti yakulitsa. Ndayamba kuikweza pa intaneti kuti achimwene akangoitsitsa. Kompyuta yati maola 31. Ndinaseka. Iyo sinaseke.

Netiweki yabwino pakhomo pano ili malo amodzi okha: pakati pa bafa ndi mtengo wa mapeyala. Ndakhala pamenepo pa chidebe, chingwe cha magetsi chodutsa pawindo. Anthu a lendi akumati "odi" asanandidutse ndi ndowa zawo.

11 peresenti. Magetsi thi! Laputopu nayo thi! Bandulo yonse yapita, ndalama yake inali yosindikizira makalata ofunsira ntchito.

Ababa, ali pa mashini awo pakhonde, osadzutsa mutu: "Kale tinkalemba kalata, imafika." Za achimwene sanenapo kanthu. Sanenapo chichokereni. Achimwene ponyamuka anagulitsa mwakabisira mashini osokera aakulu a Ababa kuti akwanitse tikiti. Kuyambira tsiku limenelo foni ikalira kuchokera ku Ireland, Ababa amakumbukira kuti ulusi watha, n'kupita kumsika.

Lachitatu, 16 Julaye

M'mawa ku lesitilanti ina m'tauni, ya intaneti yaulere. Botolo limodzi la zoziziritsa, maola anayi. Ndimangonyowetsa milomo. Pa 38 peresenti mtsikana wogulitsa wabwera: "Asisi, muonjezera kanthu kapena mukudikira basi?" Kenaka asintha nambala yachinsinsi.

Dziko lino! Anzathu akutumiza zinthu kumwezi, ife kulephera kutumiza Aubrey ku Ireland.

Nzeru: kuidula, n'kuifinya. Vuto: Amayi akoka mpando, akhala pambali panga.

Amayi a Chigwirizano akuimba, mphindi 25. "Usadule, amva." Azakhali a Vaileti akulowa pageti. "Usadule, diresi imeneyo anasoketsera tsikuli." Mwambo wa tambala ndi thadzi, chabwino, umenewo ndiye chinkhoswe. Koma galimoto ya aneba athu a Rodney itangoima? "Anatithandiza kunyamula mipando." Maola awiri tadula masekondi 40, galu akudutsa. Amenewonso Amayi anakayika.

Mulungu si munthu: nyemba zinayamba kupserera. Amayi kukhitchini. Ine msangamsanga pa malo amene ndinawaona kale: Ababa atagwira maikolofoni, "ndingothokoza ndi mawu amodzi okha." Mphindi makumi anayi! Tsiku lija ndinali kuseri kugawa zakumwa, koma nkhani zawo ndimazidziwa pamtima: ulendo wochokera ku Ntchisi, mtengo wa sopo mu 1979. Malankhulidwe otere ndi amene akuchedwetsa chitukuko. Khwaa! Ndadula. Miphika nayo khwaa.

Laputopu yati malo atha, singasunge yatsopano. Ndafufuta yaikulu ija. Fulashi ndinabweza kale kwa Esau, ikafunika ili komweko.

Lachinayi, 17 Julaye

YAPITA! Zidutswa zitatu pa WhatsApp. Nkhope zafufuma pang'ono, azakhali akuoneka ngati ali m'madzi, koma yapita. Masiku atatu nthawi isanakwane.

Ndadzigulira chipisi pa chiwaya, ndi mazira awiri. Dzina la kampani: Thoko Liwiro. Ntchito yake kutumizira anthu mavidiyo a maukwati kunja. Kawale yense ali ndi m'bale ku Joni kapena ku Ulaya. Bwanji sindinaganize kale?

Lachisanu, 18 Julaye

Uthenga wa mawu wochokera kwa achimwene, sikisi m'mawa. Ndaumvera kasanu.

"Ndaonera yonse, kawiri. Ababa ali kuti? Azakhali anandiuza kuti polankhula anditchula dzina. Zovinazo sindikuzifuna, Thoko. Ndimadikira pamenepo basi."

Za laputopu sanatchule. Bola akanandikalipira.

Kabaza mpaka ku Biwi kwa Esau. Fulashi ija? Muli ana a sukulu ya mkaka atavala mikanjo, akulandira masatifiketi. Kamera? Anafufuta Lolemba. "Sisi, ndili ndi fulashi imodzi, makasitomala ambiri." Ndinafuna kumuphunzitsa za kusunga zinthu pawiri. Ndinakumbukira kuti wofufuta winayo ndine.

Ndiye kufunsa anthu: kodi Ababa ananena chiyani? Amayi anali kukhitchini. Aubrey akuti nsapato zobwereka zinkamuluma, sanamve kanthu. Alamu a Ireen ankawerama mwaulemu, akuti mwina anasinza pang'ono. Azakhali a Vaileti: "Dzina lokha ndinalimva, kenaka foni inalira." Anthu 150 pabwalo, maikolofoni yofuula mpaka ku Kaliyeka. Womvetsera anali mmodzi, kamera. Ndiye ine n'kuitseka pakamwa.



Loweruka, 19 Julaye

Ndaulula. Ndagwada pakhonde ngati mwana wa Sande sukulu, digiri yanga yonse pansi. Ababa amapinda thalauza la munthu. Mashini anaima.

"Wadula ine, wasiya Aubrey?"

Ndinati eya, Ababa.

"Ndi galimoto ya a Rodney wasiya?"

Eya.

Ndinapempha kuti abwereze pang'ono pokha, pamene anatchula achimwene, ndijambule pa foni. Akana. Akuti mawu ali ngati malaya, sungasoke kolala yokha n'kumupatsa munthu kuti avale. Akabwereza, abwereza onse. Ndipo salankhula ndi mtengo wa mapeyala: pakhale anthu, mipando, maikolofoni. Mawa tikaweruka kutchalitchi.

Madzulo ndawaona akusita suti ya pa chinkhoswe ija. Okha. Sanatume munthu.

Masamu anga: mphindi 40 pa foni ndi fayilo ina yaikulu. Malo m'foni mulibe. Ngakhale akanakhalamo, pa chidebe paja ndi maola asanu ndi anayi, magetsi akalola. Alendo a achimwene akhala atabalalika. Siifika. Sindinauze aliyense.

Lamulungu, 20 Julaye

Anthu 17, kuphatikizapo a lendi, amene Amayi anawalonjeza tiyi ndi mandasi. Maikolofoni yobwereka kwa a kwaya. Bwalo lake pakati pa bafa ndi mapeyala, ndinati kumeneko kuwala n'kwabwino.

Sindinajambule. Ndinangoimba. Vidiyo ya pompopompo, kamera yakumbuyo kuloza Ababa, galasi kuyang'ana ine. Achimwene ndinawalembera kuti atseke mawu kwawoko, angomvera. Zaka zinayi ku koleji, nzeru imeneyi yandifikira m'bafa.

Pagalasi achimwene pa sofa, anzawo mbwee kumbuyo, mbale m'manja. Anenepa. Ndevu ngati m'busa wa mpingo watsopano.

Ababa anayambira ku Ntchisi. Basi yoyamba. Sopo. Momwe anaonera Amayi pachitsime, Amayi n'kutsutsa kuti panali pa chigayo, mkangano mphindi zisanu. Mkono wanga dzanzi. Aubrey kusinza. Koma kwa nthawi yoyamba ndinamvetsera. Sindinkadziwa kuti anagonapo pa depoti sabata zitatu, mutu wa mashini atautsamira kuti asabedwe.

Mphindi ya 52. Anatsokomola, nakonza taye.

"Mwana wanga Gilford anachoka ndi mashini anga. Ndinakwiya. Koma lero ndinene zoona pamaso pa anthu: mashini aja ankadumpha ulusi, lamba anali womanga ndi waya. Amene anaberedwa ndi amene anawagula. Mwanayo abwere adzaone mkazi wake. Pakhomo pano ndi pake."

Amayi nthungululu. A lendi m'manja, mandasi kukamwa. Pagalasi achimwene nkhope ili m'manja, mnzawo wina akuwasisita pamsana ndi dzanja logwira fupa la nkhuku.

Ababa kwa ine: "Wajambula? Usadulenso."

Foni inayankha yokha. "Ndamva, Ababa."

Ndinaganiza kuti ulusi utha pompo, anyamuka wa kumsika. Anayang'ana foni. Anayang'ana ine, ndi diso limene amayang'anira thalauza lodulidwa molakwika. Kenaka anatambasula dzanja. Ndinatembenuza kamera, n'kuwapatsa. Anaigwira patali ngati mbale yotentha.

"Iwe. Kumeneko kulibe malezala?"

Panopa ola lachiwiri. Akhala pa chidebe changa, suti ili m'thupi, abwereranso ku Ntchisi chifukwa akuti anadumpha za mlatho. A lendi akufuna kusamba, akuopa kudutsa. Za laputopu sindinafunse. Uthenga walowa kuti bandulo yatsala pang'ono, ndipo akadali mu 1979.

Ndalama ya kabaza wa mawa ili m'thumba la jekete. Okala ya a Zulekha, yomwe timagulako bandulo, itseka faifi. Ndithamange isanadu