Makolo Anga Anadya Mbewa za Njoka

Aphungu,

Manyazi andigwira moti ndikulephera kuyang'ana mkazi wanga kumaso. Ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Chadiza, ndipo ndimaweta njoka yopanda ululu m'bokosi lagalasi, m'chipinda chokiya. Imadya mbewa zoyera zimene ndimaitanitsa ku Lusaka n'kuzisunga mufiliji. Akudziwa ndi mkazi wanga yekha, Mailesi. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo ku Zemba, ndiye mukudziwa zimene anthu anganene atamva zoti mwana wawo ali ndi njoka m'nyumba.

Sabata yatha makolo anabwera kudzacheza. Ife tili kuntchito, amayi anatsegula filiji, napeza mbewazo, naziwawula n'kuziphika bwinobwino. Pobwera ndinangomva akuti, "Mbewa za kuno kuboma n'zonona, mwana wanga, koma mukutimana." Mbewazo zinali zitasungunuka n'kuumanso kangapo chifukwa cha kuthimathima kwa malaiti.

Bambo anatsegula m'mimba koopsa, mpaka pano sanapezebe bwino. Amayi akuti ndi uve wa Mailesi, ati satsuka mbale. Mailesiyo anandiuza kuti, "Mukapanda kunena, ine ndikupita kwathu ku Zingalume." Ndichite bwanji?

E.P., Chadiza

A E.P.,

Njoka yanu sinalume munthu, koma inu mwaluma mkazi wanu ndi kukhala chete kwanuko. Akutukwanidwa chifukwa chokusungirani chinsinsi, inu muli phee. Zimenezo n'zimene muyenera kuchita nazo manyazi, osati bokosi lagalasilo.

Yambani ndi bambo anu. Pitani nawo kuchipatala lero ndipo mukawauze adokotala chimene anadya, osazungulira. Paja wobisa matenda maliro adzamuulula. Mukabwerako, khalani pansi ndi makolo, Mailesi ali pomwepo, muwauze zonse. Aonetseni njokayo masana, afotokozereni kuti ndi yophunzitsira ana. Adzakwiya ndithu, mwina sadzalowanso m'nyumba mwanu msanga. Pirirani. Ndi bwino amve kwa inu kusiyana n'kukamva pachitsime.

Tsono za mbewazo. Zotsala zonse zimene zinasungunukapo kwirirani, chifukwa ngakhale njokayo zingaidwalitse. Chakudya cha njoka chisamakhale pamodzi ndi ndiwo za anthu. Ngati simungathe kugula kafiliji kake, ikani m'chigubu chotseka kwambiri, mulembepo kuti si zodya anthu, ndipo muziitanitsa zochepa. Posungunula, ikani mbewa m'pulasitiki n'kuviika m'madzi ofunda, m'beseni lakelake, osati m'poto wa Mailesi. Poipatsa gwirani ndi chopanira, mukatero sambani m'manja ndi sopo. Mukafunsenso kwa oyang'anira nyama zakutchire ngati pakufunika chilolezo.

Koma chenjerani, musadikire kuti makolo abwerere kaye kumudzi. Amayi anu akakafika ku Zemba ndi nkhani ya mpongozi wauve, simudzaifafanizanso. Mailesi akanyamuka, mudzatsala ndi njokayo, ndipo siidzakufunsani n'komwe kuti mwaswera bwanji.

Aphungu