Masipika a Atate Asapse

Kabwata, Lusaka
9 Ogasiti 1988

Okondedwa akulu anga a Febian,

Muli bwanji ku Nyimba? Nanga amama, mwendo uja unaleka kutupa? Ine kuno ndili bwino, koma mtima uli m'mwamba. Kalatayi ndalemba mothamanga kuti a Doris, anesi aja a ku Petauke, akupatsileni pamanja mailo akatsika basi.

Akulu, ndani anaika lamulo lakuti ampulifaya yabwino ndi ija yolembedwa nambala yaikulu? Madalaivala onse atelo, amakanika atelo, ngakhale anzanga ena amene tinamaliza nawo ku yunivesite. Ine ndakana.

M'kalata yanu munati anzanu a Vitalis akupatsani ampulifaya imene anachotsa m'thilaki, ndipo mufuna kuiika mu vaneti yanu kuti pa ukwati wa mlongo wathu Eneless nyimbo zikamveke kuchokela ku chalichi mpaka ku msika. Ndinakondwa kwambili! Koma munatinso masipika ndi awili aja a gumbagumba ya malemu atate, amene akhala pakamwa pa mbiya m'nyumba mwa amama zaka zonsezi. Nditawelenga pamenepo ndinanyamuka pampando.

Masipika aja ndiwadziwa. Mukumbukila pamene ndinatsegula gumbagumba ndili mu Giledi 6, atate n'kundikwapula? Ndisanagwidwe ndinaona zolembedwa kumbuyo, pa maginito: maomu 8, mphamvu yake mawati 15 chabe. Ndi a m'nyumba amenewo, pepala lake n'lofewa. Ampulifaya ya m'thilaki inapangidwila masipika akuluakulu. Mukaikweza, kawaya ka m'kati mwa sipika kapsa nyimbo yoyamba isanathe, inu mungomva fungo. Ndipo dziko muliona mmene lilili. Sopo weniweniyu tiimila pamzele, nanga sipika yotelo mukaipeza kuti? Amama amaipukuta fumbi Sabata lililonse. Mukawauza chiyani?

Loweluka ndinazungulila mashopu onse a ku Kamwala. Ndinapeza mdala wina wokonza mawailesi, a Simon. Anandionetsa ampulifaya yonyezimila, ya timagetsi tofiila, yolembedwa mawati 500. Ndinawapempha kuti ndione fyuzi yake. Akulu, kafyuzi ka maampu atatu! Batile ya galimoto ndi mavoti 12. Tengani 12 katatu, mupeza mawati 36 chabe. Nanga 500 ichoka kuti? A Simon anaseka mpaka kutsokomola. Anati 500 ija ndi penti, ndipo ife ana a sukulu tibwela kudzaononga malonda a anthu. Anaonjeza kuti ndikakuwanso choncho pakhomo pao aitana anyamata a Chipani andifunse khadi. Manambala abodza otelo nawonso amapha sipika, chifukwa munthu amangokweza kufuna mphamvu imene mulibe, mpaka mawu kusasa.

Kenaka mdala anawelama n'kutulutsa ina pansi pa thebulo. Yaing'ono, yakuda, yosaoneka bwino, koma yolemela m'manja. Pa sipika ya maomu 8 ipeleka mawati ngati 12 mbali iliyonse, kunena zoona osati penti. Tinaiyesa pa masipika ofanana ndi athu, tinaika kaseti ya kalindula. Mayo ine! Besi inatuluka yoyela, gitala aliyense kumveka payekha. Amai ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anayamba kugwedeza mapewa. Ndinadziwa kuti ndi yomweyi.

Za nchito musafunse. Ku unduna andiuzanso kuti ndibwele mwezi wamawa, kachinayi tsopano. Ndatopa kukhala pa benchi ndi digili m'thumba. Ndaganiza zotsegula shopu yanga ku Petauke, yoika nyimbo m'magalimoto. Tawelengani maminibasi opita ku Chipata, ndi mavaneti a ku Sandwe amene mawaya ake amathothoka pa mabampu. Onsewo alumikiza mwachisawawa, kupota mawaya onse pamodzi n'kumanga ndi pulasitiki ya buledi. Vaneti yanu ikalila bwino pa ukwati, adzabwela okha kudzafunsa kuti wakonza ndani. Mudziwa kuti sindili woleza mtima, koma apa ndawelengela bwino.

Pempho langa n'limodzi. Musalumikize kanthu, ngakhale kuyesa pang'ono chabe. Masipika akhale pa mbiya zao mpaka ndifike Lachinayi la sabata ya ukwati. Ndidziwa kuti ndine mng'ono, ndipo a Vitalis adzati mwana wa mailo aphunzitsa akulu. Muwathokoze bwino, ampulifaya yao isungike, tidzaipezela masipika oyenela.

Mupeleke moni kwa amama, kwa alamu anga a Bernadette ndi ana, kwa amalume a Gideon ku Sandwe, ndi kwa Eneless. Mumuuze kuti adzafika ku chalichi ngati mkazi wa nduna.

Mwina mudabwa kuti munthu wosagwila nchito ampulifaya waitenga bwanji. A Simon ali ndi mwana amene akwatila mwezi uno, msinkhu ngati wanga. Mailo m'mawa ndinapinda suti yanga ija amama anandisoketsela kwa telala pa tsiku lolandila digili, ndinaipeleka kwa mdala, iwo n'kundipatsa ampulifaya ndi waya wake. Ili pano pansi pa bedi. Amama ndidzawauza ndekha. Inu mungondisungila jekete lanu labulauni kuti ndidzavale pa ukwati.

Ndine mng'ono wanu,
Edmond