Nyumba Imene Ndinagula kwa Mkamwini

Amayi anga, muli bwanji kumene muliko? Ine kuno mtima sukukhala pansi.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Agnesi wabereka mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chimanga cha ku Mitande chinabereka, koma china chinaolera m'munda, poti asilikali a Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'misasa, ndipo kumunda sapita popanda chilolezo. Ambiri awolokera ku Malawi.

Ntchito imene munkandiseka nayo ija sindinaisiye. Ndimagula nyumba zotha, kuzikonza, n'kugulitsa. Ku Cuamba anthu a njanji achuluka, ndipo chimwalirireni inu ndagulitsako ziwiri. Ndimachita monga munkanenera. Nyumba ndimakaiona mvula ikugwa, mitanda ndimaigogoda ndi mpeni kuti ndimve ngati muli chiswe, ndipo ndimayamba ndi denga, laimu pomaliza. Munkatinso, "Wogulitsa usamamufunse zambiri, uzifunsa mayi amene amasesa bwalo loyandikana nalo." Apa m'pamene ndinaphonya.

Ku Mandimba bambo wina, a Jafali, anandigulitsa nyumba ya njerwa mothamanga, ati akutsatira akazi awo ku Malawi. Oyandikana nawo anali atathawa kale, mtengo unali wotsika, ine osafunsa munthu. Ndinafolera malata, ndinaika chitseko chatsopano, phindu lonse la ku Cuamba linathera pamenepo. Wogula wapezeka, mwini kantina, kasitolo ka ku Cuamba, ndipo akubwera Loweruka.

Lachiwiri ndinapeza mayi atakhala pakhonde ndi ana atatu ndi mtolo umodzi. Ndi mayi Rozalina, akazi a Jafali, abwerako ku Malawi. Amuna awo ku Malawi sanafike, ndipo palibe akudziwa kumene anathera. Mayiwo sanakalipe. Anayang'ana denga n'kuti, "Achimwene, mwakonza bwino, sindinama. Koma munagula kwa yani? Uja anabwera pano ndi mkeka wokha. Malo ano anandisiyira ndi amayi anga, njerwazi anaumba ndi alongo anga. Kapena kwanu mkamwini amagulitsa mudzi?"

Amayi, ndinasowa poyang'ana. Ine amene ndinakulira ku Itepela, ndikuona abambo akukhala pakhomo panu zaka zonse zija osagulitsa ngakhale nkhuku musanavomere, ndinaiwala bwanji kufunsa kuti nyumbayi ndi ya mbumba ya yani?

Chikalata cha kuboma chili ndi dzina langa. Ndikapita nacho kwa azungu, mayiwa awachotsa tsiku lomwelo. Mkazi wanga akuti ngati nyumba ndaitaya, ndikazule malata anga. Masiku atatu ndakhala ndikuyenda kuchoka kumsika kukafika pachipata cha nyumbayo, n'kubwerera osalowa. Dzulo ndinakwera padenga ndi nyundo. Pansi ana aja ankakangana kuti ndani agone pafupi ndi zenera. Ndinatsika msomali ndisanaukhudze.

Mawa ndikwera lole ya ku Cuamba kukauza mwini kantina kuti nyumba palibe. Adzakwiya, ndipo ndiyambanso ndi manja okha, pa msinkhu uno, nkhondo ili mkati. Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Mukanakhalapo mukanandikalipira kaye, kenako n'kundiperekeza mpaka pamsewu.

Ndikukulonjezani kuti ndisanakwere loleyo, chikalata chija ndikachisiya m'manja mwa mayi Rozalina, ndi malata ake omwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Bernado