Mwezi umodzi wa nkhumba yakuda

Lachitatu, dzuwa likulowa. Kunatentha, koma mtima wanga uli phee.

Katatu konse nkhumba yanga yakuda yapita kwa yamphongo ya ku Wimbe, osatenga bere. Amuna anga amafuna iphedwe. Lero alangizi a ziweto anandifunsa za make wa nkhumbayo. Ndinati nayonso inachedwa, koma kenako inaswa ana khumi ndi awiri.

"Zimayenda m'magazi, mayi," anatero. "Kakhwimidwe ka mazira m'mimbamo imatengera make. Idikireni."

Amuna anga angoti, "Chabwino, mwezi umodzi basi."

Ndinakhala pakhola nthawi yaitali ndikuikanda kumsana. M'maso mwanga tiana takuda tikuthamanga kale kuseri kwa chigafa cha fodya. Kamodzi kali ndi khutu loyera. Kameneko sindidzagulitsa, ngakhale anene bwanji...