Ndikupempha Chaka Chimodzi

Whitesburg, Kentucky
Mwezi wa Meyi

Achimwene a Wendell,

Landirani moni, inu pamodzi ndi alamu anga a Shawna ndi ana. Muli bwanji kumeneko ku North Dakota? Ndikhulupirira chisanu chayamba kukulezerani mtima, ndiponso kuti ntchito ya kuzitsime za mafuta ikuyenda. Kuno tilipo, koma kulipo kwake n'kokwawa. Bambo akutsokomolabe monga mwa masiku onse. Fumbi la malasha limene anameza m'migodi muja silichoka m'mapapo, ngakhale munthu apemphere chotani.

Mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni inu mumandiseketsa ndisanafike pamutu wa nkhani, kenako mumati akukuitanani kuntchito. Ndiye lero muwerenge mpaka pansi, musandidule pakamwa.

Mukudziwa kuti sukulu za udokotala zandikana kawiri. Chimene chimandigwetsa ndi magiredi a chaka chija Amayi ankadwala khansa, pamene ndinkagona pampando wa kuchipatala n'kudzukira m'kalasi. Mayeso olowera ndinabwereza, ndipo ndinakhoza bwino ndithu. Koma anthu owerenga mapepala athu sadziwa kumene munthu unagona. Amangoona manambala.

A Dokotala Varghese, amene ndimawathandiza kutenga magazi a odwala kukiliniki kuno, anandipeza tsiku lina ndikulira m'kachipinda kosungira magolovesi. Sanandinyengerere. Anangofunsa ngati ndamaliza kulira kuti tikambirane zanzeru.

Anandiuza kuti pali njira ina, digiri yachiwiri ija amati masitazi, ya sayansi ya thupi la munthu ndi matenda. Ndi ya chaka chimodzi. Umaphunzira zomwezo zimene amaphunzira a chaka choyamba cha udokotala, mayeso akenso olimba chimodzimodzi. Ukakhoza bwino, sukulu zimaona kuti mutu ulipo, magiredi akale aja amachepa mphamvu. Koma anandichenjeza kuti ndi mpeni wakuthwa konsekonse: ukagwa pamenepo, chitseko chatsekeka, palibenso wokumvera.

Ndinati a Dokotala, ine ndatopa, ndakula, anzanga amene ndinamaliza nawo sukulu ali ndi ana oyenda okha. Iwo akuti, nanga ukakhala osapita, zakazo ziima kukudikira? Akuti iwo akukalamba, ndipo odwala mapapo a m'mapiri muno akufuna munthu wodziwa misewu yawo ndi kalankhulidwe kawo, woti sadzathawa pakangotha nyengo.

Choncho ndinayambiranso. Achimwene, kupempha malo kumatopetsa kuposa kuphunzira kwenikweniko. Ndinabwerera kwa aphunzitsi amene anandiiwala kalekale kuti andichitire umboni. Mmodzi anandifunsa ngati ndine mtsikana wa tsitsi lofiira uja ankakhala kutsogolo. Ndinangoti eya, ngakhale tsitsi langa inu mukulidziwa.

Kenako pali nkhani ya moyo wako. Amafuna ufotokoze chifukwa chake ukufuna udokotala ndi chifukwa chake unagwa, koma osadandaula, osadziikira kumbuyo, osalira. Imfa ya Amayi ndaifotokozera anthu osawadziwa kambirimbiri, kuidula apa, kuisalaza apo, mpaka yayamba kumveka ngati ya mayi a munthu wina. Chimenechi ndicho chimandiwawa kuposa kukanidwa.

Bambo ankandiyang'ana ndili pakompyuta patebulo la kukhitchini, n'kumati Renita, kodi sukuluyi inakukwatira? Akuti anzako amagula digiri n'kukagwirira ntchito, iwe ukugula digiri yokagulira digiri ina. Anandipatsa dzina loti Dokotala Mawa. Akafuna madzi, Dokotala Mawa. Limoti ikasowa, Dokotala Mawa. Ndinkaseka, koma masiku ena ndinkalowa m'bafa kukatsegula mpope kuti asandimve.

Sabata yatha yankho linabwera. Anditenga. Sukulu yake ili ku Ohio, kutali ndithu, ndipo ndiyenera kuyamba mu Ogasiti.

Ndinaliwerenga pafoni ndili m'galimoto panja pa sitolo, koma chimwemwe sichinabwere. Ndinangoyamba kudzifunsa kuti thanki ya mpweya ya Bambo adzawasinthira ndani, kuchipatala adzawatengera ndani, nanga akagwanso m'bafa monga muja anagwera mu Januwale adzawadzutsa ndani. Ndisanafike n'kunyumba komwe ndinali nditaganiza zokana. Sindinauze munthu, kupatula Azakhali a Odessa. Inu mukuwadziwa azakhali anu, kuwauza iwo n'chimodzimodzi kulengeza pawailesi.

Lachitatu pochokera kuntchito ndinapeza pikiapu ya Bambo ili chitsegulire, injini ikulira. Iwo anali atakhala pamasitepe a pakhonde, sutikesi yakale ija ili pambali, kachubu ka mpweya katathothoka m'mphuno, milomo itada bii. Anayesa kunyamula sutikesi ndi thanki nthawi imodzi. Ndinathamanga, n'kuwabwezeretsa kachubu kaja, n'kuwagwira mapewa mpaka kupuma kunabwerera.

Atapezako mphamvu zolankhula ndinawafunsa kuti ulendo wa kuti. Akuti amva kwa Azakhali kuti ndikufuna kukana malowo chifukwa cha iwo, ndiye aimbira foni kunyumba yosungira okalamba ija ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo bedi lilipo. Nyumba yomwe ija, Achimwene, imene ankalumbira kuti bola kufera m'tchire kusiyana n'kuponda pakhomo pake.

Ndinawakalipira. Ndinawakalipira ngati mwana wamng'ono, mpaka galu wa a Combs, oyandikana nafe aja, anayamba kuuwa. Iwo anangodikira kuti ndimalize. Kenako akuti, mayi ako anakudyera chaka chimodzi asakufuna, ndipo anapita akudandaula nazo, ine sindikudyera china ndili maso. Akuti ndakhala kunsi kwa nthaka theka la moyo wanga, kachipinda ka zenera kangandiopse chiyani?

Ndinazimitsa pikiapu, ndinalowetsa sutikesi. M'sutikesimo anali ataikamo malaya a kutchalitchi, lumo lometera ndi chithunzi cha Amayi. Mankhwala awo onse anawaiwala pashelefu. Kenako tinadya nyemba ndi chigumu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwerani kunyumba chaka chimodzi.

Ndikudziwa kulemera kwa chimene ndikupempha. Ntchito yanu ndi yabwino, ndipo kuno zoterozo kulibe. Ana adzasintha sukulu, alamu anga adzasiya abale awo. Ndikudziwanso kuti munachoka kuno mutayambana ndi Bambo, tsiku lija munawauza kuti inu mumgodi simudzalowamo, iwo n'kukuyankhani mawu amene sanayenere kutuluka m'kamwa mwa kholo. Kupepesa sadzapepesa, khosi lawo mukulidziwa. Koma nkhani za nyengo zikayamba pa TV, amandiuza kuti ndikhale chete mpaka atchule North Dakota. Nyengo ya kwanuko amaidziwa kuposa ya pakhomo pawo.

Sindingakulonjezeni kuti ndidzakhala dokotala. Ndikhoza kupita, kulimbikira chaka chonse, n'kubwerera chimanjamanja kudzatenganso magazi kukiliniki. Ngakhale nditakhoza, ndidzayenera kupemphanso malo kachitatu, kufotokozanso imfa ya Amayi, kudikiranso. Mphamvu zatsala zochepa, zongokwanira ulendo umodzi basi. Pamene Amayi ankadwala ndinatsala ndine, ndipo sindinakuwerengereni mlandu. Lero sindikukuwerengeraninso. Ndikungoti ulendo uno katunduyu ndigwirizeni.

Sukulu ikufuna yankho mwezi uno usanathe. Kambiranani ndi alamu anga modekha, iwonso ali ndi mawu. Mukati simungathe, ndikana malowo, ndipo sindidzakusungirani mangawa. Koma ndiye mudzandithandize kupeza chowauza Bambo, chifukwa makiyi a pikiapu ndawabisa, koma munthu uja akhoza kuuyamba wapansi, thanki ikukhwekhwereka m'mbuyo.

Ambuye akusungeni pantchito yanu yoopsayo, akusungireninso banja. Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Tucker ndi kwa Maisie. Muwauze kuti mapichesi a kuseri kwa nyumba achita maluwa ambiri chaka chino. Azakhali a Odessa akupereka moni, ndipo nkhani yonseyi mwina aifikitsa kwanu kalatayi isanafike.

Bambo angondifunsa kumene kuti ndikulembera ndani. Nditawauza, anayang'ana panja. Kenako akuti ndikuuzeni kuti denga la chipinda chanu chakale silikudonthanso, analikonzetsa chilimwe chatha.

Ndine mlongo wanu,
Renita